Mafuwa a Kamera

A Mikaele anatulutsa kamera m'chikwama n'kuiika pamphasa, pambali pa jekete ndi nsapato za malemu. Linali tsiku logawa katundu. Mkulu wawo, a Gregorio, anali atagona kale kwawo ku Namitambo, poti mkamwini akafa amabwerera kwa amayi ake. Kuno ku Njuli kunatsala Enelesi, mkazi wa malemuyo, m'nyumba yopanda mwana.

Enelesi anakhala pakampando kake pakhonde, miyendo yake yotupa ataiwongola. Jekete atenge, nsapato atenge, ngakhale wailesi anyamule, iye analibe nazo ntchito. Mtima wake unali pa kamera ndi galasi lake lalitali ngati munsi, lokoka zinthu zakutali.

Kutsidya kwa dambo kuli manda, ndipo m'mphepete mwake, pansi pa mbawa, pali kamtanda koyera ka Eluby, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anamwalira asanayambe n'komwe sukulu. Kumanda sapitako wamba, komanso miyendo ya Enelesi inali itakana kalekale. Ndiye Lamulungu lililonse, akachokera ku Misa, a Gregorio ankaimika kamera pakhondepo, kulozetsa galasi kutsidya, n'kumuitana kuti adzaone. Kamtandako kankabwera pafupi mpaka dzina kuwerengeka.

Chokhazikapo kameracho a Gregorio ankachitcha mafuwa, poti n'chamiyendo itatu. Anakachigula ku Limbe, ndipo nkhani ya tsikulo ankaikamba mpaka kutopetsa. Akuti wogulitsa anawaonetsa zowala, zopepuka, zoti n'kunyamula ndi chala, koma iwo ankangogwedeza chilichonse n'kuchibweza. Mapeto ake anasankha chitsulo chakuda, cholemera ngati tchimo. Ankati galasi lalitali limakulitsa zonse, ngakhale kunjenjemera kwa dzanja, ndipo pa miyendo yopepuka kamphepo kakangodutsa chithunzi chimavina. Pakati pake ankapachikanso mwala m'kathumba, ndipo m'mfundo za miyendoyo anakulungamo mphira ya chubu cha njinga, yothina zedi.

Vuto linali limodzi: mafuwawo anali aafupi, pamene mwini wake anali chimunthu chachitali. Pa maukwati ndi pa ubatizo, kuyambira ku Njuli mpaka ku Namadzi, a Gregorio ankajambula atawerama ngati wopalira chimanga, anthu n'kumaseka. Enelesi naye ankawakalipira kuti adzathyoka msana chifukwa cha umbombo, bwanji osagula chachitali ngati anzawo. Iwo ankangoti awa ndiwo sagwedezeka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Enelesi anakonza pakhosi.

"Alamu, zonse tengani. Koma kamerayo mukanandisiyira."

A Mikaele sanali munthu woipa. Anavula chipewa, n'kufotokoza modekha kuti abale anagwirizana kale kumudzi: kamera ndi galasi zipite kwa mwana wa mlongo wawo wa malemu, amene waphunzira kujambula koma alibe chida. Kodi chingamangokhala m'nyumba pamene mwana wa eni ake akuyenda manja m'thumba? Enelesi anafuna kunena za kamtanda, koma anadziletsa. Ukauza bwanji anthu kuti umasuzumira kumanda Lamulungu lililonse? Angakuyese chiyani? Anangoyang'ana pansi, mtima ukum'pweteka koopsa.

Kamera inabwerera m'chikwama. Kenako a Mikaele anadzutsa mafuwa aja, n'kuseka pang'ono pokumbukira kuwerama kwa mkulu wawo. Anafuna kuwapinda kuti akwane pakabaza, koma mphira ija inkatsekereza. Anatulutsa kampeni n'kuidula. Mwendo umodzi unasolokoka wokha, chitsulo china chonyezimira chikutuluka m'kati mwa chinzake. Anadulanso ya pamiyendo ina iwiriyo, n'kukoka. Mafuwa anaima mpaka kufika pachipumi pawo.

"Ha, taonani mlamu, kani chimatalika! Ndiye achimwene ankaweramiranji zaka zonsezi?"

Maso a Enelesi anali pansi pakhonde, pa timaenje titatu timene miyendo ija inakumba pang'onopang'ono patsogolo penipeni pa kampando kake. Zoti chimatalika a Gregorio ankadziwa, nanga si ndiwo anamanga mphira. Anayeza kamodzi msinkhu wa maso a mkazi wawo atakhala pansi, n'kumanga kuti pasasunthe, kuti iye asamaimirire kapena kudikira wina akusakasaka kamtanda m'mitengo. Ndipo iye, Enelesi, ankawanena za umbombo! Manyazi ndi chisoni zinam'gwira pamodzi, moti anadziphimba kumaso ndi nsonga ya chitenje.

Wakabaza atafika anayesa kunyamula chitsulocho, n'kukana kuti pamodzi ndi sutikesi njinga siikwera chitunda. A Mikaele anayang'ana mlamu wawo, kenako timaenje tija.

"Ichi chitsale," anatero, akuvala chipewa.

Atapita, pabwalo panangoti zii. Enelesi anakoka mafuwa aja n'kuyamba kubweza miyendo umodziumodzi. Polekezera panali posasowa, chifukwa pamene panali mphira utoto unali usanasuluke. Anatola zidutswa za chubu, kuzilumikiza, n'kumanga momwe zala zake zikanathera. Anaika phazi lililonse m'kaenje kake, n'kupachika mwala pakati.

Atakhala pakampando, kambale kokhazikapo kamera kanam'fika m'munsi mwa maso ndendende. Anayang'ana pamwamba pake, kutsidya kwa dambo. Kunalibe mtanda, kunalibe dzina, kunali kubiriwira kwa mitengo kokha. Mphepo inatsika kuchokera kuphiri n'kukupiza nsalu yapakhomo. Enelesi anaika dzanja pachitsulocho, n'kuchigwedeza pang'ono monga ankachitira mwini wake. Sichinasunthe.