Ng'oma ya Efulemu

"Imeneyo ayi, alamu. Isiyeni."

Mawuwa anangomupulumuka Zipora asanawaganize. A Isake, mkulu wake wa malemu mwamuna wake Efulemu, anali atagwira kale lamba wa ng'omayo, ndipo anauma choweramira pomwepo. Onse amene anakhala mozungulira mphasa anatembenukira kwa namfedwayo, munthu amene pa tsiku logawa katundu wa malemu amayenera kungoyang'ana pansi.

Jekete inali itapita, iye ali chete. Nsapato za kutchalitchi, wailesi, njinga, zonse zinanyamulidwa iye osatsokomola n'komwe. Ndiye pakamwa pakatsegukire pa ng'oma? Ng'oma yomweyi imene anaitukwana zaka zonse za ukwati wake?

Tisabisane, Efulemu anali munthu wotopetsa kukhala naye. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu anali mlimi wa fodya wosiririka. Koma Loweruka likangocha, mutu unkamuzungulira. Ankadzipaka utoto wachikasu kumaso, kukoleka ng'oma paphewa, n'kukakwera lole ya ochemerera Mphenzi, timu ya pa Mitundu. Kukapanda mpira ankapita ku Lilongwe kukaonera basiketibo, masewera amene pamudzipo palibe ankawamvetsa, kapena ankakaima kutsogolo kwenikweni kwa bandi iliyonse yobwera kudzaimba pamsika, n'kubwerako mawu atasasa. Zipora ankauza anzake pamjigo kuti iye anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi ng'oma.

Matenda sanamugoneke nthawi yaitali. Popeza pa Mitundu anali mkamwini, abale ake anadzamutenga n'kukamuika kwawo ku Nathenje. Tsopano anabwera kudzatenga zotsala.

"Alamu," anatero a Isake mofatsa, osasiya lamba uja, "ng'oma iyi anasema ndi bambo athu. Chikopa chake n'cha ng'ombe ya m'khola lathu. Mwini wake tinamutenga, nayonso ibwerere kwawo."

"Ikatani kumeneko?"

"Loweruka ikufunika."

Panalibe amene sankadziwa za Loweruka limenelo. Mphenzi zinkapita ku Nathenje kukakumana ndi Mavu, timu ya kumeneko, ndipo wopambana ndiye akanakwera kukasewera mu ligi yaikulu. Panalibenso amene sankadziwa kuti a Isake ndi wa Mavu mpaka m'mafupa, ndi kuti ku Nathenje ankamutcha Efulemu Yudasi chifukwa chochemerera timu ya kuchikamwini.

"Ndiye ikalirire anthu amene ankamunyoza?" anafunsa Zipora. "Dothi la pamanda ake lisanaume? Alamu, tengani zitseko, tengani malata ngati mukufuna. Koma musamuchititse manyazi munthu woti sangathenso kudziyankhira."

Ankhoswe ndiwo analowererapo, nanena zimene aliyense ankadziwa kale: chimene chinachokera kuchimuna chimabwerera kuchimuna. Ng'omayo inamangidwa kumbuyo kwa njinga yamoto, ndipo Zipora anaiyang'ana mpaka fumbi linaibisa.

Masiku otsatirawo msomali umene inkakolekedwapo unkamulasa nthawi iliyonse akalowa m'nyumba. Anyamata ochemerera Mphenzi anabwera kudzapepesa maliro. Anakhala pansi mwaulemu, aliyense anaponya diso pamsomalipo, ndipo palibe anafunsa kanthu. Kusafunsako n'kumene kunamupweteka kwambiri. Anadziona ngati munthu amene wapereka mwamuna wake m'manja mwa adani.

Loweruka m'mawa anamanga duku lakuda pamutu wake wometa, naitana mwana wake Masozi. "Vala nsapato, tiye."

Loveness, mkulu wake wa Zipora, amene ankagona naye m'nyumbamo chichitikireni maliro, anatseka pakhomo. "Iwe, wapenga? Tsitsi silinamere n'komwe, ukaonekere kumpira? Anthu adzati unkangodikira kuti afe."

"Anene. Pakamwa ndi pawo."

"Nanga ukakafika ukatani?"

"Akangoimenya kamodzi kokha, ndikailanda. Kaya ndi mano."

Atafika pamsika, nyimbo za palole zinaduka anthu atangoona zovala zakuda. Dalaivala anatsika yekha n'kumutsegulira chitseko cha kutsogolo. Ulendo wonse palibe anaimba. Lole yodzaza anthu achikasu inkangogwedezeka mumsewu wafumbi ngati ikupita kumaliro ena.

Zipora anali asanapondepo pabwalo la mpira chibadwire. Analipeza lotchingidwa ndi mpanda wa udzu ndi matumba, anthu ali thithithi, ena m'mitengo. Mpirawo sanaulabadire. Maso ake anayendayenda tsidya linalo mpaka anapeza chimene anadzera: a Isake atakhala pabenchi, atavala malaya ofiira a Mavu, ng'oma ili pakati pa miyendo, manja atawasanjika pamwamba pake.

"Amayi, chonde," ananong'ona Masozi atagwira nsonga ya chitenje chawo.

"Ndisiye. Ndikuyang'ana."

Mavu ndiwo anayamba kuchinya. Tsidya lija linaphulika, malipenga apulasitiki ali pwepwe, amayi akuthamanga ndi zitenje m'mwamba. A Isake analumpha ngati kamnyamata, navina mpaka chipewa chinagwa. Zipora anali ataponya kale phazi kudutsa mzere wa laimu. Koma ng'oma inangokhala pansi, osakhudzidwa. Anabweza phazi lija.

Atabwerako kopuma, Mphenzi zinabweza. Kenaka, dzuwa litapendeka, mnyamata wina wamtali ngati nsungwi analumpha pakati pa anthu n'kuugunda ndi mutu, ndipo mpira unakagwedeza ukonde. Zipora sanadziwe kuti wakuwa mpaka pamene anamva kukhosi kukuwawa. Wezulo yomaliza italira, anthu a ku Mitundu anakhamukira m'bwalo, ena akulira, ena akugubuduka m'fumbi. Timu ya Efulemu inali italowa mu ligi yaikulu, mwini wake palibe.

M'chipwirikiti chimenecho anaona malaya ofiira akuoloka bwalo. Anali a Isake, ng'oma ili paphewa, nkhope yonse ili nyowe. Zipora anawadulira kutsogolo.

"Bweretsani."

"Dikirani pang'ono, alamu. Ndili ndi ntchito."

Anamulambalala, nakaima kutsogolo kwa osewera a Mphenzi, n'kuyamba kumenya. Kunena zoona, kamenyedwe kake kanali komvetsa chisoni. Manja anali olimba ngati a munthu wophwanya zibuma, ndipo ankathamanga. Komabe nyimboyo inadziwika: inali ya Mphenzi, imene a ku Mitundu amaimba akapambana. Osewera a Mavu, amene anali atagona chafufumimba pansi, anadzuka mmodzimmodzi. Anadzipukuta kumaso ndi malaya, nandanda mbali ziwiri, n'kuyamba kuwomba m'manja. Ochemerera a ku Nathenje nawo anabwera, ena akukokera mapazi, ndipo gulu lonse linayamba kuperekeza opambanawo kulowera kumene inaima lole.

Asanafike pachipata manja a Isake anakana. Anaima, akupuma mwawefuwefu, ndipo Zipora anawapeza.

"N'chiyani chimenechi, alamu?"

"Kani simunkadziwa?" A Isake anamuyang'ana modabwa. "Sankakuuzani?"

"Ine nkhani za mpira ndinkamuletsa m'nyumba mwanga."

"Mphenzi tikazigonjetsa, kaya kuno kaya kwanu, Efulemu ankaoloka bwalo yekha n'kudzatiimbira nyimbo yathu. Yathu, ya Mavu. Misozi ili chuchuchu, anzake akumutukwana kumbuyo, ife tikumuseka kutsogolo, iye osasiya mpaka womaliza atakwera galimoto. Ankati anyamata akasewera bwino sachoka pabwalo chete ngati akuba. Zaka zonsezi ife sitinamubwezerepo, ngakhale kamodzi. Ine mkulu wake ndinkakhala woyamba kuthawa tikaluza."

Zipora anamva chinthu chikufufuma m'chifuwa, ndipo sichinali chisoni chokha. Kunali kunyada, kunyada kwenikweni, koti akanatha akanakwera pamwamba pa lole n'kuuza Nathenje yense kuti munthu ameneyo anali mwamuna wake.

"Nanga bwanji simunanene tsiku lija? Munandisiya ndikukutukwanani pagulu."

"Ndinene pamaso pa anthu a ku Mitundu kuti ndikukonzekera kuluza?" A Isake anapukusa mutu, naseka misozi ikutsika. "Ine wa Mavu? Bola kutukwanidwa, alamu."

"Mukanapambana inu?"

"Ndikanaipereka kwa anyamata anuwa, aone okha ngati anaphunzirapo kanthu."

Anavula lamba uja n'kumupatsira ng'omayo ndi manja awiri. Zikhatho zawo zinali zitatupa. "Nayi. Bambo anasema, inde, koma amene anaipatsa mawu ndi wa kwanu. Ikakhale pamsomali pake."

Kutsogolo gulu linali litaima, anthu akucheuka kufuna kudziwa chimene chadula nyimbo. Zipora anailandira ng'omayo. Inali yopepuka kuposa mmene ankaganizira. Anaiyang'ana kanthawi, kenaka anakweza lamba uja n'kuubwezera paphewa la alamu ake, nauwongola bwinobwino.

"Sanafike palole, alamu. Malizani. Koma mukuthamanga. Iye sankayamba choncho."

Ndipo ndi zala ziwiri, pamalo pamene chikopa chinasalala ndi manja a mwamuna wake, anawasonyeza mayambidwe ake.