Masamu a Pansanja

Bornwell Kapembwa sanabadwire kulimbana ndi anyani. Anakulira ku Kitwe, n'kukachita kosi ya uphunzitsi, ndipo ankadziona akuyenda pakhonde la sukulu ya m'tauni, tayi pakhosi, choko m'manja. Koma mu 1993 boma linamuponya kusukulu ina ya kuchigwa, kupitirira Chifunda, kumene mvula ikangoyamba msewu umatsanzika mpaka Epulo.

Mkazi wake Peggy anabwera kamodzi kudzaona malowo. M'mawa anapeza ndowe ya njovu pakhomo, ikufukabe nthunzi.

"Ine nizakuyembekezani ku boma," anatero akumanga katundu.

Anapita kukakhala kwa mkulu wake ku Chama, ndipo kuchokera tsiku limenelo Bornwell anali ndi pemphero limodzi lokha: transifa. Ankamusowa mkazi wake koopsa.

Vuto lina linali ana. Chimanga chikangoyamba kukhwima, Giredi 5 yonse inkasowa, aliyense ali pansanja ya m'munda mwa kwawo kulinda anyani. Chaka choyamba Bornwell anakalipa, anathyola zikoti, anakadandaula kwa makolo. Bambo wina anamumvetsera mwaulemu n'kumuyankha kuti, "Aticha, nyani sadziwa belu."

Chaka chachiwiri anawalondola kuminda, osati mwanzeru ayi, koma ndi ukali. Anakwera nsanja ina n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse: "Seveni taimusi eyiti!"

Mawu anachokera uku ndi uku, pamwamba pa ngayaye za chimanga: "Fifite sikisi!"

Anyani amene ankazembera m'mphepete mwa munda anati liwiro mtondo wadooka. Basi, sukulu inasamukira kuminda. Ana ankakuwa masamu kuyambira m'mawa, anyani n'kuwonda, makolo n'kumabweretsera aticha mondokwa wootcha. Koma Bornwell ankachita nazo manyazi. Ku koleji palibe anamuphunzitsa kukwera nsanja.

Ndiye kunamveka kuti kukubwera insipekita, mayi Dorcas Ng'uni, amene mawu awo ankasamutsa anthu. Bornwell anaona kuti mwayi wake ndi womwewu. Anazungulira makomo kupempha kuti ana abwere m'kalasi tsiku limodzi lokhalo. Makolo onse anavomera bwinobwino, monga amavomerera anthu amene sakufuna kukukhumudwitsa. Anasesa kalasi, anamata zithunzi pakhoma, anasita tayi ndi simbi yamakala.

Tsikulo anyani anabwera ngati aitanidwa ku ukwati. Mayi Ng'uni atatsika pamthuthuthu, matope mpaka m'mawondo, anapeza m'kalasi muli mphunzitsi wovala suti ndi nkhuku imodzi pansi pa desiki.

"A Kapembwa, manje ana ali kuti?"

Bornwell anayamba kusakasaka bodza m'mutu. Pomwepo mphepo inabweretsa mawu kuchokera kuminda: "Atichaaa! Naini taimusi seveniii!" Ana anali atayamba okha, ndipo apa panawavuta.

"Tiyeni tikaone," anatero mayiwo.

Anayenda m'mizere, Bornwell ali pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika. M'mutu mwake transifa inali itafa kale. Atafika pansanja, mayi Ng'uni anamuloza ndi chibwano kuti akwere. Anakwera, suti ikukodwa m'mitengo, n'kukuwa yankho. Chigwa chonse chinabwereza.

Mayi aja anakwinya chitenje n'kukweranso. Anaponya funso lawo, lovuta dala. Yankho linabwera lolondola kuchokera mbali zonse, ndipo chinyani china chimene chinali chitagwira kale chisononkho chinachitaya n'kuthawa. Anafunsa za mitsinje ya m'Zambia, anafunsa masipelo. Pomaliza anali kuseka mpaka misozi.

"Nayenda masukulu onse a m'chigwa muno mwezi uno," anatero akupukuta m'maso. "Konse makalasi ali gwaa, aticha akusewera nsolo. Ndimwe nokha amene napeza mukuphunzitsa."

Bornwell anakonza tayi.

"Zikomo, madamu. Ndiye... nkhani ya transifa ija?"

"Transifa?" Anamuyang'ana ngati watukwana. "A Kapembwa, ku boma kulibe anyani. Mukaphunzitsa bwanji? Ahedi anu apuma ntchito chaka chino. Mpando ni wanu. Ndipo nizatumiza aticha ena azaphunzire kwa imwe."

Mayi wina amene ankathyola nkhwani pansi pa nsanjayo anamva zonse, n'kuimba nthungululu. Nkhani inalumpha kuchoka nsanja ina kupita ina, monga ankalumphira masamu: "Aticha sayenda! Aticha sayenda!" Bornwell anangoima pansanjapo. Zinamukoma kuti anthuwa amamufuna, ndipo zinamuwawa kwambiri, chifukwa Peggy anali atamusungira kale malo m'nyumba ku Chama.

Akuwaperekeza mayi Ng'uni kumthuthuthu, Bornwell anayankhula motsitsa mawu.

"Madamu, mukafika ku boma mukamuoneko mkazi wanga. Mukamuuze kuti nyumba ya ahedi ni ya malata, ili na mpanda. Njovu sizifikako."

Mayi Ng'uni anakanda kumutu.

"Koma pobwera naona ndowe pakhomo penipeni pa ahedi."

Bornwell anavula tayi, anaipinda bwinobwino, n'kuiika m'thumba.

"Za malata zokhazo, madamu," anatero. "Mukamuuze za malata."