Mzere wa Ngalande Ukudutsa Pati?

Tsiku limene anthu a ku ofesi ya mapulani a mzinda anadutsa mumsewu wawo ndi chitini cha penti, Make Mapasa anali pamashini akusoka mayunifolomu a ana asukulu. Atatuluka kukataya zidutswa za nsalu, anapeza khoma lakumaso kwa nyumba yake lalembedwa chizindikiro chofiira psuu, penti isanaume n'komwe. Anawathamangira anthu aja mpaka kumapeto kwa msewu, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Iwo anangomuuza kuti padutsa ngalande yaikulu ya madzi amvula, ndipo nyumba zonse zolembedwa zichoke mvula isanayambe.

Nyumbayo anaimanga movutikira, khoma chaka chino, mazenera chaka chamawa. Chipinda chakumaso ndicho chinali shopu yake. Mapasa ake, amene panthawiyi anali kusukulu yogonera komweko, anaphunzira kuyenda atagwirira khoma lomwelo.

Mwamuna wake anali wowotcherera zitsulo, munthu wofatsa wosakonda mikangano. Atabwera kuchokera kuntchito anayang'ana chizindikiro chija kwa kanthawi, kenako anakatenga makwerero. Anati bola azule malata mwaulemu okha, kusiyana n'kuti adzaphwanyidwe ndi chigalimoto chogumula.

"Tsikani, Bambo a Mapasa," anatero mkazi wake. "Pano sipazulidwa ngakhale msomali umodzi ndisanaone ndi maso anga pamene mzere wa ngalandeyo ukudutsa."

M'mawa mwake anavala diresi yake yabwino n'kupita ku ofesi ya mapulani. Pakhoma la ofesiyo panali chidziwitso chonena kuti aliyense wokhudzidwa ali ndi ufulu woona mapu a ntchitoyo. Kalaliki wa pawindo anati mapu apapepala kulibe, zonse zili mu kompyuta. Make Mapasa anali atakonzeka. Anatulutsa fulashi m'kachikwama, kalaliki n'kumuikiramo fayilo imodzi, osanenanso kuti itsegulidwa bwanji.

Kunyumba kunali laputopu yakale imene ankasindikizira zithunzi za masitayilo a zovala. Batire yake inafa kalekale, ndipo ukangogunda waya, yazima. Anaiika patebulo lodulira nsalu, n'kudina fayilo ija kawiri monga amachitira ndi zithunzi. Kompyuta inamufunsa kuti atsegule ndi pulogalamu iti. Anasankha yolembera makalata. Panatuluka zilembo zosamveka, timabokosi ndi timizere balala, ngati nyerere zomwazika. Anatseka, nayesanso, koma zinali chimodzimodzi.

Mwamuna wake anaitanitsa mng'ono wake, amene amaika nyimbo m'mafoni a anthu kumsika ndipo amadzitcha katswiri wa makompyuta. Mlamuyo anakhala pampando mwamatama, anasintha mapeto a dzina la fayilo kuti ioneke ngati chithunzi, n'kudina. Kompyuta inati fayiloyo ndi yowonongeka. Iye anatukula manja, nati nkhani yatha, a ku ofesi anawapatsa dala fayilo yakufa kuti awatseke pakamwa, ndipo munthu wamba sangalimbane ndi ofesi.

"Alamu, nyimbo mumazidziwa," anatero Make Mapasa, "koma apa mwasochera ngati ine ndemwe. Bwezerani dzinalo mmene linalili."

Mlamuyo anaseka chamanyazi, nalibwezera.

Masiku otsatira, msewu wonse unali phokoso la mahamala. Ena anali atayamba kuzula mafelemu a zitseko, ena akufunafuna nyumba za lendi. Bambo a Mapasa anali atapempha kale malo osungirako katundu kwa mbale wake. Make Mapasa anakana kulongedza ngakhale supuni. Ankasoka monga mwa masiku onse, chitseko cha shopu chili chotsegula, koma mumtima munali moto, ndipo kangapo konse anasoka mkono wa malaya chagada.

Tsiku lina masana kunabwera mayi woyandikana naye nyumba kudzafupikitsa siketi. Mayiyo ankagwira ntchito kuchipatala chaching'ono cha m'deralo, ndipo aliyense ankangomutcha Azaumoyo. Ataona laputopu ili pakati pa nsalu ndi sizasi, anafunsa chimene chavuta. Make Mapasa anamufotokozera zonse. Azaumoyo anati kuntchito kwawo amagwiritsa ntchito mafayilo otere polemba mapu a zitsime ndi a malo amene kwabuka matenda otsekula m'mimba, ndipo iyenso anavutika nawo masiku oyamba. Anakankhira nsalu pambali n'kukhala.

Choyamba anamuonetsa mapeto a dzina la fayiloyo, pamene panalembedwa zip. Anati fayilo yotere ili ngati chikwama chotseka, muyenera kuyamba mwatulutsa zamkati mwake. Anadina batani lakumanja la mausi, nasankha potulutsa, ndipo mufoda yatsopano munagwa mafayilo atatu a dzina limodzi koma mapeto osiyana: shp, shx ndi dbf.

"Awa ndi pachibale," anatero Azaumoyo. "Imodzi ili ndi mizere, ina imalozera pamene mzere uliwonse uli, inayo ili ndi mayina ndi manambala. Akhale mufoda imodzi, ndipo musawasinthe mayina. Mukasiyanitsa, mapu satseguka."

Make Mapasa anagwedeza mutu. Anati zili ngati zidutswa za malaya, kolala payokha sungaivale.

Chachiwiri, Azaumoyo anati mapu otere si chithunzi ndipo si kalata, choncho amafuna pulogalamu yakeyake ya mapu. Ilipo yaulere, koma aitenge patsamba lenileni la amene anaipanga, osati pa masamba a zotsatsa amene amabweretsa mavayirasi. Analumikiza laputopu ku intaneti ya foni yake, ndipo pamene pulogalamuyo inkalowa pang'onopang'ono, Make Mapasa anamuyeza siketi ija n'kuikhoma mapini. Itatha kulowa, Azaumoyo sanadine fayilo ija kawiri. Anayamba watsegula pulogalamu, kenako anakokera fayilo ya shp mkati mwake.

Pagalasi panaoneka mzere wabuluu wokhotakhota. Make Mapasa anaimirira, mtima uli m'mwamba. Koma mzerewo unali wokhawokha pamalo oyera mbee, popanda msewu kapena nyumba. Azaumoyo anaika pansi pake chithunzi cha mzinda chojambulidwa kuchokera kumwamba. Mzinda unaoneka, koma mzere uja unasowa. Ataufunafuna, anakaupeza kutali kwambiri, pakati penipeni pa nyanja.

"Ndiye ngalande akukaikumba m'nyanja, nyumba akugumula yanga?" anafunsa Make Mapasa.

Azaumoyo anaseka mpaka pini inamubaya. Kenako anayang'ananso mufoda muja nati pakusowa fayilo yachinayi, ya mapeto akuti prj. Imeneyo ndi imene imauza kompyuta mtundu wa miyezo imene mapuwo anajambulidwira, ndipo ikasowa, pulogalamu imangoponya mizere paliponse. Anati iye akhoza kungolota miyezoyo, mwina n'kulondola, koma pa nkhani ya nyumba ya munthu kulota n'koopsa. Kunali bwino kubwerera ku ofesi kukaitenga kwa eni ake. Anamulembera zilembo zitatuzo pa kachidutswa ka pepala la patani.

Kalaliki uja atamuonanso anakwinya nkhope. Anati fayilo anamupatsa kale, ngati ikukana ndiye kuti vuto ndi kompyuta yake, ndipo anthu ena akudikira.

"Yatseguka, bambo," anayankha Make Mapasa, mawu ali pansi koma olimba. "Koma mwandipatsa yoperewera. Mulibe prj. Sindinabwere kudzapempha chifundo, ndabwera kudzatenga chimene chidziwitso chanu pakhomapo chikunena kuti ndi changa."

Kalaliki anati wodziwa zimenezo ndi mkulu wa mapu, ndipo watanganidwa. Make Mapasa anati adikira. Anakhala pabenchi moyang'anizana ndi windo, anatulutsa siketi ya Azaumoyo, singano ndi ulusi, n'kuyamba kupinda mpendero. Aliyense wokhala pafupi naye akafunsa, ankamufotokozera mokweza bwino chimene akudikira. Nthawi ya nkhomaliro inakwana, iye ali pomwepo. Mpendero unatha, nayamba kusoka mabatani.

Pamapeto pake mkulu wa mapu anatuluka. Anali mayi wa magalasi, wotopa koma womvetsera. Anatenga fulashi ija, nalowa nayo mkati, ndipo pobwera anavomera kuti fayilo imodzi inatsalira pamene ankaika mapuwo pamodzi. Anamupatsa yathunthu, nauzanso kalaliki kuti achotse yoperewerayo kuti ena asalandire yomweyo.

Atabwerera kunyumba, ulendo uno Make Mapasa anatsegula yekha, Azaumoyo atangoima kumbuyo. Anatulutsa mafayilo onse anayi mufoda imodzi, anatsegula pulogalamu, nakokera shp mkati. Mzere wabuluu unagwera pa mzinda wawo. Anakulitsa chithunzicho mpaka anaona msewu wawo, kenako denga lake, lodziwika ndi malata awiri atsopano pakati pa akale. Mzerewo unkadutsa kuseri, n'kudula ngodya ya mpanda ndi kashedi kosungiramo zitsulo. Nyumba inali kunja.

Mwamuna wake anavula chipewa, nakhala pamulu wa nsalu. Make Mapasa ankafuna kutenga madzi ndi bulashi nthawi yomweyo kuti akachotse penti ija, koma Azaumoyo anamuletsa. Anati chithunzi cha pa kompyuta chimatha kusemphana pang'ono ndi zenizeni, ndipo kufufuta chizindikiro wekha sikusintha zimene zalembedwa ku ofesi. Chofunika chinali kusindikiza mapuwo, kukapereka dandaulo, ndi kupempha kuti oyeza malo adzayezenso.

Make Mapasa anachita zomwezo, koma sanapite yekha. Anayenda khomo ndi khomo, kuitana onse olembedwa penti kuti adzaone madenga awo pa laputopu. Shopu inadzaza, ndipo aliyense ankachenjezedwa kuti asagunde waya. Ambiri anapeza kuti nyumba zawo zili kunja kwa mzere. Koma wometa tsitsi wa pakona anaona mzere ukudutsa pakati pa denga lake. Make Mapasa sanamunamize. Anamusindikizira pepala lake, namuuza kuti apite nawo limodzi kuti akafunse za malo ena ndi thandizo limene amayenera kulandira, nthawi ikadalipo.

Oyeza malo anabwera ndi zipangizo zawo, nakhoma zikhomo potsatira mapu. Zinadziwika kuti olemba penti aja anatsatira pulani yakale, imene inasinthidwa pambuyo pake. A ku ofesi anafufuta okha zizindikiro pa nyumba zonse zimene zinali kunja kwa mzere. Wometa tsitsi analembedwa m'gulu la osamutsidwa mwadongosolo. Bambo a Mapasa anasuntha mpanda ndi kashedi kawo popanda kudandaula, ndipo amene anazula mafelemu anayamba kuwabwezeretsa.

Pamsonkhano wa anthu a mumsewumo, anamupempha Make Mapasa kuti afotokoze mmene anachitira. Iye anaimirira nanena mosapita m'mbali.

"Fayilo ya mapu ikakana kutseguka, musathamangire kunena kuti yafa, ndipo musaisinthe dzina. Yang'anani mapeto a dzina lake. Ngati ndi zip, tulutsani zamkati, muzisunge mufoda imodzi, mutsegule ndi pulogalamu ya mapu. Mizere ikagwera kolakwika, pali chimene chikusowa. Funsani wodziwa, ndipo bwererani kwa amene anakupatsani mpaka akupatseni yathunthu. Mapu okhudza malo anu muli ndi ufulu wowaona ndi kuwamvetsa. Musagumule nyumba yanu musanaone pamene mzere ukudutsa."