Ndowe za kwa Alamu

Gasi wathu anaphedwa ndi ukhondo wa mwamuna wanga. Ng'ombe imodzi itadwala zilonda za m'mapazi, iye anatsuka khola lonse ndi mankhwala ophera tizilombo, simenti mpaka kuchita kuwala. Madzi onsewo anatsata ngalande n'kukalowa m'thanki yapansi momwe timathira ndowe kuti ziwole, zitipatse gasi wophikira ndi manyowa a kudimba. Pasanapite nthawi moto wa pachitofu unayamba kufooka, kenako unazimiratu.

Kwa ena imeneyi ndi nkhani yaing'ono, amangobwerera ku nkhuni. Ine ndili ndi mphumu. Adokotala anandiletsa utsi, ndipo thankiyo tinaimanga chifukwa cha chifuwa changachi.

Alangizi a ziweto anabwera, anasuzumira pakamwa pa thanki, n'kupukusa mutu.

"Mwapha antchito anu, bambo. Umu mumakhala tizilombo tomwe timadya ndowe n'kumatulutsa gasi. Inu mwatimwetsa poizoni."

"Ndingothiramo ndowe zatsopano basi?" anafunsa mwamuna wanga.

"Zidzagwira, koma mochedwa kwambiri. Chachangu n'kuchotsa zakufazi, mukatunge phala lamoyo la ndowe kuthanki yomwe ikugwira ntchito. Achimwene anu aja si ali nayo?"

Mwamuna wanga anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Iye ndi mkulu wake anasiya kuyankhulana kalekale chifukwa cha nkhunzi yomwe anabwerekana, n'kubwerako ikutsimphina. Nkhunziyo inagulitsidwa, inadyedwa, odya anaiwala ndi kukoma kwake komwe, koma amuna awiri a imvi ankangodutsanabe pamsewu osapatsana moni.

Alangizi atapita, mwamuna wanga anayamba kulusira ine.

"Ndikapemphe ndowe kwa ameneuja? Ng'ombe zanga zasiya kunya kodi?"

Ndinatola nkhuni n'kusonkha moto kuseri kwa nyumba, poti anthu ayenera kudya. Utsi utangondilowa, chifuwa chinatseka. Mwamuna wanga anandipeza nditatsamira khoma, mpweya ukuchita kulira pakhosi, mankhwala opopera m'kamwa ali m'manja. Anathira madzi pamotopo. Ndinamukwiyira kwambiri tsiku limenelo, ndipo sindinabise.

Kutacha anakweza migolo yopanda kanthu pawilibala. Anavala malaya ake abwino, ositasita, munthu wopita kukapempha ndowe. Ndikanaseka, koma ndinamumvera chisoni.

Zomwe anakambirana kumeneko sindizidziwa mpaka lero. Ndinangoona masana ngolo ya alamu ikulowa pabwalo, migolo yodzaza ikukhavukira, wilibala yathu itamangidwa pamwamba. Alamu ankayendetsa, mng'ono wawo akutsatira wapansi, malaya aja ali ndi madontho obiriwira.

"Mwaswera bwanji, alamu? Chifuwacho?" anandifunsa akutsika.

"Pang'onopang'ono, alamu."

Anavula nsapato onse awiri n'kuyamba kukapa zakufa zija ndi ndowa. Fungo lake linathamangitsa ndi nkhuku zomwe. Poyamba ankangoyankhulana ndi manja, kenako pakamwa panatseguka.

"Takasa bwino, iwe. Ukuchita ngati ukuopa kuda," anatero alamu.

"Thanki yanga ndimaidziwa, achimwene."

"Ukanaidziwa sukanaisambitsa ndi mankhwala."

Ndinadikira kuti mkangano uyambirenso. Mwamuna wanga anangopitiriza kutakasa.

Atathira phala lamoyo lija ndi kutseka chivundikiro, alamu anasamba m'manja pampopi, akuyankhula osayang'ana munthu.

"Gasi sabwera lero kapena mawa. Tizilomboti timafuna kuzolowera kaye. Mpaka moto uyake, alamu angawa aziphikira kwathu. Chitofu chathu chili ndi mbali ziwiri, ndipo akazi anga akudziwa kale. Pankhuni asayandikirenso."

"Nanga chakudyacho azichita kusenza mtunda wonsewu?" anafunsa mwamuna wanga.

"Asenzerenji? Iwe miyendo ulibe? Uzibwera kudzadya komweko."

Mwamuna wanga anandiyang'ana kuti mwina ndimupulumutse, ndinene kuti tiona chochita. Ine n'kuti nditayamba kale kulongedza mapoto m'dengu. Anaima kanthawi, akupukuta manja pamalaya owonongekawo. Kenako anandilanda dengulo, nati likundilemera pachifuwa, ndipo anatsogola ndi iyeyo.