Mtembo wa Laston ndi Matumbo a Mbuzi

Chaka cha ufulu chija, Loweruka lililonse tinkadzazana muholo ya mgodi kuonera bayisikopo yoopsa, ija yotchipa. Mutu wodulidwa unkaonekeratu kuti ndi wa mphira, magazi ngati supu ya tomato, mzukwa ukuthamanga nsapato za tenisi zikusuzumira kunsi kwa mkanjo. Anthu ankakuwa ndi mantha, kenako n'kufa nazo kuseka. Ine ndinkazikonda, koma ndinkauza aliyense kuti ife a ku Buchi, komboni yathu ya mu Kitwe, tingapange yoposa pamenepo.

Mzungu wina wa kuntchito, yemwe ankalongedza zobwerera kwawo, anandibwereka kamera yake ya zithunzi zoyenda ndi filimu imodzi yokha. Anandichenjeza kuti ndi yaifupi, ikatha yatha, ndipo kamerayo aifuna Lolemba.

Nkhani yanga inali yosavuta. Mtembo uli gone, mimba yong'ambika, kenako udzuka n'kuyamba kudya matumbo ake omwe. Laston, mnzanga wa pansi pa mgodi, anavomera kukhala mtembo. Matumbo a mbuzi ndi magazi ndinakapempha kubutchala ya pamsika. Kamera ndinapatsa mlamu wanga Samson, chifukwa ndi munthu wosamwa, wa kwaya kutchalitchi, manja ake sanjenjemera.

Lamlungu masana tinamugoneka Laston kuseri kwa nyumba yake. Ntchentche zonse za mu Kitwe zinabwera kudzaona. Laston atadandaula za fungo, ndinamuuza kuti akufa sadandaula, ndipo asagwedezeke mpaka nditchule dzina lake. Samson anakanikiza kabatani, kamera n'kuyamba kulira.

Chimene chitsiru cha Laston sichinandiuze n'chakuti mkazi wake Juliana sankadziwa kanthu. Akuti anachita manyazi kumuuza. Juliana anatulukira kuchokera kumsika dengu lili pamutu, anaona mwamuna wake matumbo ali panja, dengu lija pansi, n'kuyamba kulira maliro. Buchi mukuidziwa. Azimayi anathamanga akumangirira zitenje, akulira asanafunse n'komwe kuti wafa ndani. Abambo ena anayamba kale kutulutsa mipando m'nyumba.

Ndinakuwa dzina la Laston kuti adzuke awauze kuti ndi masewera. Iye anamva chizindikiro chathu chija. Anadzuka pang'onopang'ono, maso atatembenuza, thumbo lili kukamwa, akubuula monga ndinamuphunzitsira.

Abale inu, zimene zinachitika pamenepo palibe mzungu angazipange. Azimayi onenepa analumpha mpanda osaukhudza. Mkulu wina anathawa mpando uli m'manja, akupemphera m'Chibemba. Galu wa oyandikana nawo analuma mbali ina ya thumbo n'kuyamba kukokerana ndi mtembo. Juliana anakomoka, anatsitsimuka, n'kuyamba kumusasantha mwamuna wake ndi chinangwa chomwe anagula. Ine misozi inkangotsika ndi chimwemwe, ndikuona kale holo yonse itadzaza chifukwa cha ine.

Nditacheuka ndinapeza Samson atagwada, chipewa chili pachifuwa, mutu atazolika. Chala chinali chikadali pakabatani, kamera italoza pansi. Inalira pang'ono n'kuima.

Mzungu uja anatsukitsa filimuyo asananyamuke, n'kutionetsa pakhoma la nyumba yake. Panaoneka Laston atagona kamphindi chabe. Kenako dothi. Bondo la Samson. Nkhuku ikudutsa mosafulumira, dothi linanso, basi. Ndinakwiya mpaka makutu kutentha, ndipo titangotuluka pageti ndinamuima Samson kutsogolo.

"Alamu, inu simunkadziwa kuti munthu uja ndi wamoyo? Matumbo aja munanyamula ndinu kuchokera kubutchala."

Samson anandiyang'ana ngati wopenga ndine.

"Ndinkadziwa, alamu. Koma azimayi akulira maliro, ine ndiziwaloza kamera kumaso? Sindinaleredwe choncho."