Zilembo Zitatu Zosasuntha

Ababa anasiya kundizindikira chaka chatha. Amanditchula kuti "mayi a mapepala," ndipo ndikafika amalamula kuti andipatse tiyi m'kapu ya alendo, ya maluwa ija. Ndikati "ababa" amayesa ndi ulemu chabe. Zimandiwawa, sindinama. Mwana mmodzi yekhayo, kumalandiridwa ngati mlendo m'nyumba imene ndinakuliramo!

Mapepalawo ndi a kuntchito. Ndimafufuza mapuloteni, tizinthu tomanga thupi la chamoyo chilichonse, ku labotale. Puloteni iliyonse timailemba ngati mzere wautali wa zilembo, ndipo ntchito yanga ndi kuika mizere iwiri pamodzi, wina pamwamba wina pansi, kuti ndione ngati inachokera kwa kholo limodzi. Achibale apafupi savuta, zilembo zimangogwirizana zokha. Koma amene anasiyana kalekale, ee, pamafunika kupirira.

Ndinali ndi puloteni ina ya kachilombo ka m'dothi imene anzanga anaitcha Wamasiye. Miyezi isanu ndi itatu kompyuta ikusaka, mbale wake osaoneka ndi mmodzi yemwe. Zonse zimene inkabweretsa zinkalephera kufika pa malire amene tinaika: zilembo zofanana zinali zochepa moti zikanatha kungofanana mwangozi. Ndinkangotaya. Mapepala otayidwawo ndi amene ndinkapita nawo kwa ababa.

Paja ababa anagwira zaka makumi atatu pa kampani yosindikiza mabuku, kusaka zolakwika ndi pensulo yofiira. Mutu unaiwala zambiri, koma dzanja silinaiwale. Ukawapatsa pepala amakhala phee patebulo la pawindo, magalasi pamphuno, rula pansi pa mzere, kumatsika pang'onopang'ono. Azakhali, mlongo wawo amene amawasamala, amati mankhwala ake ndi amenewo. "Uzibwera nawo ambiri, mwanawe. Akasowa pepala amandikonzera kalendala."

Loweruka lina masana ndinawapeza atayala mapepala atatu, awiri m'mbali, limodzi pakati.

"Mayi a mapepala, tabwerani. Amene anataipa izi anali ndi tulo kapena?"

"Bwanji, ababa?"

"Wasintha pafupifupi chilichonse. Koma taonani." Pensulo inagogoda katatu. "Ichi, ichi ndi ichi sanazikhudze. Mipata yakenso ndi yomweyomweyo. Werengani nokha."

Anali atazunguliza zilembo zitatu papepala la Wamasiye, limene linali m'mbali, ndi zitatu zomwezo papepala lapakati. Lachitatulo linali la puloteni yodziwika bwino, ya m'banja lalikulu.

"Koma awiri a m'mbaliwa sakufanana," ndinatero.

"Nanga ndani wakuuzani kuti muwayang'anitse okhaokha? Uyu akufanana ndi wapakatiyu, wapakatiyu akufanana ndi uyo. Mukachotsa wapakati mwagwetsa mlatho. Ana a masiku ano, phuma!"

Manyazi anandigwira, ine wa madigiri awiri. Njira yodzera mwa wapakati ndimaidziwa bwinobwino, ndimaiphunzitsanso, koma wapakatiyo ndinali nditamutaya ndekha chifukwa cha malire aja. Zilembo zitatu si umboni, zinafunika kukayesedwa Lolemba. Komabe ndinakhala pansi, n'kutola pensulo ina, n'kuyamba kuwerenga mipata.

Ndinadzidzimuka nditamva kuti m'chipinda mwati zii. Ababa anali akundiyang'anitsitsa.

"Pepani, mayi," anatero motsitsa mawu. "Mukamawerenga mumatulutsa kansonga ka lilime chakumanzere, kachala kakang'ono kakugogoda tebulo. Malemu mkazi wanga ankatero akamawerenga mfundo za juzi imene akuluka."

Anadzuka, anatenga chithunzi cha amayi pashelefu, n'kuchiimika patebulo pakati pa iwo ndi ine. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine, anabwereranso kuchithunzi. Ine ndi amayi sitinkafanana n'komwe, aliyense ankati ndinatengera ababa.

"Nkhope ayi," anatero. "Koma zinazi sizichitika mwangozi. Kodi pali chibale?"

"Eya, ababa. Chilipo, chachikulu."

Anagwedeza mutu, okhutira ngati apeza chimene onse anachiphonya. Ndinadikira dzina langa. Ndinadikira ndithu, silinabwere. M'malo mwake anasendeza mpando wawo pafupi ndi wanga, n'kundiika m'manja pensulo yofiira ija, imene ngakhale amayi sankaloledwa kuigwira.

"Ndiye ndinu wathu," anatero. "Masiku onsewa kumangobwera osanena? Simuchita bwino."

Azakhali anafika ndi tiyi. Atandiona misozi ili chuchuchu pa Wamasiye, anaima pakhomo osadziwa kuti alowe kapena abwerere.

"Achemwali," ababa anatero, "kapu ya maluwayo mubweze. Uyu amwere ya m'nyumba."