Gogodela Yokwechedwa

1.
Akuti a Nanyoni apenga. Mwamva kale eti? Kumjigo akunong'onezana, kuchigayo akunong'onezana, kukwaya amayamba kaye zimenezi, nyimbo pambuyo. Akuti chimwalirireni amuna awo mutu sunabwerere m'malo. Akuti anatenga mfuti ya makolo n'kuikwecha ndi mchenga ngati poto. Akuti ankaiimbira nyimbo.

A Nanyoni akunenedwawo ndi mayi anga. Ine ndine Dolika, mwana wawo woyamba. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma makutu angawa anafika fomu folo.

Ine ndangomva.

2.
Kwa inu a m'tauni: gogodela ndi mfuti yakale yodyera kukamwa. Wonga amathirira kutsogolo n'kutsokota ndi kachitsulo kake kakatali. Yathuyi kutalika imandiposa. Inali yakuda bii, ngati kunsi kwa mphika. Chibadwire changa sinaphepo kanthu, ngakhale nyani. Ntchito yake ndi imodzi basi: mwamuna wa kwa Nzunga akamwalira, bokosi likamatsika, imalira kamodzi. Pambuyo pake amakhoma kamsomali ka mkuwa pamtengo wa mfutiyo. Agogo kawo kalipo. Bambo awo a agogo kawo kalipo.

Bambo anga a Lameki kawo palibe.

Sinalire.

3.
Tsiku la maliro. Bokosi likutsika, anthu onse maso kwa a Gidiyoni, bambo anga aang'ono. Iwo manja ali m'thumba.

Mfuti bwanji, a Gidi? anafunsa mkulu wina.

Yafooka imene ija. Ingatiphulikire pano.

Nanga mbale wanuyu apite chete ngati mlendo?

Nyimbo zakwana, atero a Gidi. Kwirirani.

Nanga amayi? Iwo kuno anabwera chitengwa, analowoledwa, kwawo ndi ku Lizulu. Nyumba ndi ya kwa Nzunga, munda ndi wa kwa Nzunga, ine ndi ang'ono anga ndife a kwa Nzunga. Chawochawo ndi mbale ndi zitenje. Mkazi wotero pamanda a eni ake amangoyang'ana pansi.

Anakwirira.

4.
Yafooka, yafooka chiyani, munthu wamkulu ndevu pepeya kunama pamaso pa mtembo wa mkulu wake chonsecho anali ataijambula kale pafoni bambo ali gone m'chipatala, kuijambula uku ndi uku n'kutumiza kwa anthu a ku Blantyre ogula zinthu zakale, chifukwa iwo mtima wawo wonse uli pa njinga yamoto yoti azichitira kabaza pa Mphate, njinga yofiira anaisankha kale mpaka dzina anaipatsa, ndiye anaopa kuti ikalira ingang'aluke ogulawo n'kuikana, ndipo musandifunse kuti ndinadziwa bwanji, akazi awo omwe ndi amene anauza a kuchigayo, a kuchigayo n'kuuza Velo mnzanga, Velo n'kundiuza ine ndili ndi ndowa pamutu mpaka madzi anandithera kumsana

Asa.

5.
Wogulayo anabwera chaka chino chimanga chitauma. Dzina lawo a Mtambalika. Ine ndinkadikira chimunthu chamimba, koma ayi, kankhalamba kowonda, magalasi pachingwe, nsapato zafumbi. Anatipatsa moni tonse, ndi ana omwe. Zinandinyansa. Munthu wodzatenga mfuti ya bambo azikhala wamwano kuti uzimuda bwinobwino.

Anationetsa pafoni chipinda cha kunyumba kwawo. Khoma lonse:

lupanga lopindika la Aluya
mpeni wokhota wa ku Nepal, ngati chikwakwa chonenepa
uta wa ku Japan wotalika kuposa chitseko
mkondo wa Amasai
nkhwangwa ya mfumu ya ku Congo yosadulapo nkhuni
chishango cha chikopa ngati cha ingoma yathu yomweyi
mfuti
mfuti
mfuti inanso

Chilichonse chili ndi kapepala kake kunsi.

Nanga eni ake ali kuti? ndinafunsa.

Iwe Dolika, choka apa, atero a Gidi.

Msiyeni, atero a Mtambalika. Ambiri sindiwadziwa, mwanangu. Ndimadziwa kumene chinthu chinasulidwa. Amene anachigwira sindiwadziwa.

6.
Mfutiyo inkakhalabe kwathu, pamwamba pa chitseko, chifukwa akazi a a Gidi anakana kugona nayo nyumba imodzi. Anaitsitsa n'kuigoneka pamphasa. A Mtambalika anagwada. Kuigwira kwake ngati khanda.

Onani apa, a Nzunga, kachisoti kachifumu aka. Chitsulochi chinasulidwa ku Ulaya, chinabwera ndi amalonda a minyanga kudzera kunyanja ya mchere. Koma mtengowu ndi mlombwa. Wakuno. Woyamba unathyoka, wina wa kwanu anasema wake. Apa panang'aluka, anavekapo chikopa cha mchira wa ng'ombe chili chachiwisi, chitauma chinagwira. Za chonchi sungazipeze m'sitolo.

A Gidi mano onse panja.

Kenako a Mtambalika anasolola kachitsulo kotsokotera kaja. Anakayeza kunja kwa mpope wa mfutiyo, n'kugwira ndi chala pamene kalekezera. Anakalowetsa m'kati pang'onopang'ono. Sikanafike. Kanatsala kunja ngati chala changa chapakatichi.

Anachotsa magalasi.

Ana achoke kutsogoloko. Mfutiyi ndi yodzaza. Muli wonga umu. Anathira ndani?

A Gidi, kaya.

Amayi anali pakhomo ndi beseni la madzi osamba m'manja. Analiika pansi bwinobwino, osataya ngakhale dontho, n'kulowa m'nyumba.

7.
Bambo, ine ndinakuonani.

Munali pakhonde, mutafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo, masiku aja musanapite kuchipatala komaliza. Amayi anakugwirirani mfuti, inu mukutsokota, kupuma, kutsokota, kutsokomola. Ndinkayesa mukuipukuta. Munati, Dolika, maso amenewo adzakugwetsa m'chitsime, pita ukatunge madzi.

Munadzithirira nokha. Munadziwa kuti mng'ono wanu ndi waulesi, munati mumuchepetsere ntchito, iye angokhethemula basi.

Ngakhale chimenecho, bambo.

Sinalire.

8.
A Gidi anaperekeza mlendo kugalimoto. Anayankhulana motsitsa mawu. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikusankha nyemba zosankhasankha kale. Anapangana kuti a Mtambalika abwera Loweruka ndi bokosi lonyamulira komanso munthu wodziwa kuchotsa wonga.

Kuchotsa. Wonga wa bambo. Kukautaya kudzala ngati phulusa.

9.
Zimene amayi anagwiritsa ntchito Lachisanu, masana, pabwalo, aliyense akuona:

mchenga wa kudambo
phulusa
mandimu
waya wokwechera mapoto
chiguduli
sopo wotsala
manja awo, mpaka anatuluka magazi m'zikhadabo

Mpope anaulozetsa kumunda. Anakwecha chitsulo. Anakwecha mtengo. Anakwecha chikopa cha mchira chija mpaka chinatuwa. Kachisoti kachifumu kaja kanatsala ngati chipsera cha katemera. Pomaliza mfuti inali mbuu, kuwala ngati supuni ya pa ukwati, timisomali ta mkuwa tili ng'aning'ani.

A Gidi anali ku Mphate, kukaisisita njinga yawo yofiira.

10.
Loweruka.

A Mtambalika anaima. Anayang'ana. Anakhala pansi, padothi penipeni, buluku lawo labwinobwinolo.

Mayi, mwatani?

Amayi atagwada, maso pansi. Ndinati alendo asainyamule yakuda, bambo, atero amayi. Zinandichititsa manyazi.

Kuda kumene kuja ndiye zaka zake, mayi. Thukuta la onse anaigwira. Chimene ndimagula ine n'chimenecho. Apa tsopano ndinganene chiyani? Aliyense adzati yasulidwa dzulo kuseri kwa msika.

Tiipake makala, atero a Gidi. Tiikwirire m'matope sabata imodzi. Bwana, idanso imeneyi!

A Nzunga, ine zonamizira ndimazidziwira patali. Pepani. Sinditenga.

Ndiye a Gidi anatembenuka. Sindinawaonepo nkhope yotero.

Alamu. Ndiyang'aneni. Ndikangomva kuti mwachita dala, mawa lomwe mukwere basi ya ku Lizulu. Ndi zitenje zanuzo. Ana musiye, ndi a kwa Nzunga awa.

Mng'ono wanga wamng'ono anagwira chitenje cha amayi. Amayi maso pansi.

Polowa m'galimoto a Mtambalika anati, chinthu chimodzi chokha. Mukadzafuna kuiliza, munthu asaiike paphewa. Muimangirire kumtengo, mukoke ndi chingwe muli patali. Ananena akuyang'ana amayi, osati a Gidi.

11.
Kumjigo. Velo akupopa, ine ndikudikira, azimayi ali mbwee.

Akuti ankaiimbira nyimbo ya ana.
Akuti anaifunditsa chitenje.
Akuti amaipatsa moni m'mawa, mwadzuka bwanji a Lameki.
Akuti anafuna kukwechanso mbuzi.
Shh, mwana wawo ali pompano.
Iii Dolika, amayi ali bwanji masiku ano?

Ali bwino.

Mulungu alipo, mwanawe.

Ya mbuziyo ndi bodza lenileni, ife mbuzi tilibe. Koma nkhani ikachoka pamjigo imabereka yokha m'njira. Pofika Lamulungu, akuti amayi anali atayamba kuvula pamsewu. Mayi anga! Amene savula mpango ngakhale akudwala malungo!

Ana a a Gidi anayamba kuimba tikamadutsa, kwecha kwecha Nanyoni, kwecha kwecha Nanyoni. Wamkuluyo ndinamugwetsa m'ngalande n'kumudyetsa dothi. Sindikupepesa. Ndikamupezanso adyanso.

12.
Akuluakulu a kwa Nzunga anawaitana a Gidi pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinali m'mwamba mwa mtengowo, mango anali asanapse koma ndinali momwemo.

Gidiyoni, tamva ukufuna kuthamangitsa mkazi wa mkulu wako.

Wandiwonongera chinthu.

Munthu wodwala mutu? Chisoni chamusokoneza, mudzi wonse ukudziwa. Umuthamangitse ali chonchi, a ku Lizulu adzati a kwa Nzunga ndi anthu otani? Ndiponso tamva mfuti ija ndi yodzaza. Iwe unati yafooka.

A Gidi anakanda m'mutu.

Pa chiliza cha Lameki ilire, anagamula akuluakuluwo.

13.
Tsiku lovundukula chiliza cha bambo anaimangirira ku mtengo wa mthethe, kukamwa kuloza kumwamba. Mkulu wina anakonza pamene pamagwira moto. Chingwe anachiyala mpaka kuseri kwa chulu. Wokoka anayenera kukhala a Gidi, mwambo umatero, mkazi sakhudza. A Gidi anaima chingwe chili pamapazi awo, akupukuta manja pabuluku, akuti dikirani kaye, kodi mfundoyo yalimba, dikirani kaye.

Amayi anadzuka pakati pa azimayi. Anayenda osathamanga. Anadutsa amuna onse. Anatola chingwe.

Alamu!

Asiyeni, wina ananong'ona. Si mwamva kuti sali bwino?

Palibe anawagwira. Wamisala amugwira ndani?

14.
Inalira.

15.
Akhwangwala onse a kumanda anabalalika. Utsi unanunkha ngati mazira owola. Azimayi anayamba kulira maliro enieni, amene anatsala m'mimba chaka chathachi. Mfuti sinang'aluke, ngakhale pang'ono. Madzulo mkulu uja anakhoma kamsomali ka bambo. Katsopano koma sungakasiyanitse ndi tinzake, tonse tikuwala mofanana.

Yabwerera pamwamba pa chitseko chathu. Palibenso akuifuna.

16.
Kuseri kwa nkhokwe kuja sindinakuuzeni zonse. A Mtambalika anati, a Nzunga, chonde, wina asaipukute, asaikweche, asaipake kanthu, akangotero kwa ine yatha ntchito. A Gidi anati musadandaule bwana, kunyumba kuja kuli akazi okhaokha, saikhudza.

Ndinakawauza amayi mawu onsewo monga ndimachitira ndi nkhani iliyonse. Anangofunsa ngati kudambo kukadali mchenga wabwino.

Ndipo Loweruka lija, a Gidi atatchula za Lizulu, ndinatenga ndowa yodzaza kale, kuikhuthula kuseri, n'kupita kumjigo. Ndinati, Velo, ndikuuze chinthu koma usauze munthu. Amayi sali bwino. Ankaiimbira nyimbo.

Velo ndimamudziwa. Dzuwa lisanalowe inali itafika kuchigayo.

Amayi atamva anandiitanira m'nyumba. Anati, ya nyimboyo wawonjeza. Kenako m'mawa mwake anatuluka pabwalo, akazi a a Gidi akusesa, n'kunena mokweza, mwadzuka bwanji a Lameki.

Ndiye tili m'nyumba mwathu, tonse. Koma kumsika anthu sagulanso tomato wawo. Kukwaya anawachotsa pa usungichuma. Ana amawaimba. Mayi wanzeru kuposa mudzi wonsewu akuyenda ndi dzina limene ndinawapatsa ine, pamene a Gidi akuyenda ndi dzina lawo labwinobwino, akupatsidwa mpando pamaliro. Ndikaganiza zimenezi ndimafuna kuswa ndowa.

Ndinalemba chifukwa zinanditupa m'mimba, ine nkhani sindigona nayo. Pano mukudziwa atatu: amayi, ine, inu. A Gidi akamva, ya ku Lizulu imanyamuka m'mawa uliwonse.

Ndiye tandiuzani, inuyo pakamwa panu pali bwanji? Akakufunsani za a Nanyoni, mukati chiyani?